Mbiri ya Nkhasi Yachikopa ndi Magombe Awiri

Anthu a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, monga a ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku Mangochi, amaidziwa bwino nkhasi. Iyo ndi mbale wake wa kamba, koma idasankha kukhala m'madzi, ndipo nthawi zina asodzi amaipeza itakodwa mu ukonde pamodzi ndi nsomba. Mtundu wina wa nkhasi za m'nyanjamo uli ndi msana wofewa, wokutidwa ndi khungu m'malo mwa chigoba cholimba, ndipo umapezekanso mu mtsinje wa Shire ndi kumunsi kwa Zambezi. Munthu mmodzi angathe kuinyamula nkhasi yotere ndi manja ake. Koma m'nyanja zazikulu za mchere muli nkhasi inanso ya msana wachikopa, imene ngakhale amuna anayi amphamvu sangathe kuitukula. Imeneyi ndiyo yaikulu koposa akamba ndi nkhasi zonse za pa dziko lapansi. Angerezi amaitcha leatherback, ndiko kunena kuti msana wa chikopa, ndipo m'nkhani ino idzatchedwa nkhasi yachikopa.

Kawirikawiri nkhasi yachikopa yokhwima imalemera makilogalamu 300 kufikira 500, ndipo msana wake umatalika mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Yaikulu koposa zonse zimene anthu adaziyesa pa sikelo idapezeka yakufa pa gombe la Harlech, ku Wales, m'mwezi wa Seputembala 1988. Idali yaimuna. Kuyambira kumutu kufikira kumchira idali pafupifupi mamita 3, ndipo idalemera makilogalamu 916, ndiwo matumba 18 a chimanga a makilogalamu 50 ndi kena kotsalako. Idamira itakodwa m'zingwe za asodzi, pakuti nkhasi, ngakhale ikhala m'madzi, imapuma mpweya ndi mapapo monga munthu. Thupi lake adalisunga m'nyumba yaikulu yoonetseramo zinthu ku Cardiff.

Mbiri ya nyamayi ndi yakale ndithu. Mafupa opezeka m'miyala asonyeza kuti nkhasi za m'nyanja ya mchere zidalipo kale zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, pa nthawi imene zilombo zazikulu zotchedwa dinosaur zinali kuyenda pamtunda. Zilombozo zidatha zaka 66 miliyoni zapitazo, koma nkhasi zidapulumuka. Lero mitundu ya nkhasi za m'nyanja ya mchere ilipo 7. Mwa iyo, mitundu 6 ili ndi zigoba zolimba ndipo ndi ya banja limodzi; nkhasi yachikopa ili payokha, ndiyo yokha yotsala m'banja limene kalelo lidali ndi mitundu ingapo.

Anthu okhala m'mphepete mwa nyanja adaidziwa kuyambira makedzana, koma dzina lake la m'mabuku a akatswiri idalilandira m'chaka cha 1761. Imodzi idagwidwa ku Ostia, pafupi ndi mzinda wa Roma, ndipo Papa Clement XIII adaipereka ku sukulu yaikulu ya ku Padua. Kumeneko Domenico Vandelli adaipenda, nalemba za maonekedwe ake, naipatsa dzina la Chilatini lotanthauza kamba wachikopa. M'chaka cha 1816 Mfalansa wina, Henri de Blainville, ataona kuti isiyana kwambiri ndi akamba ena, adaiika m'gulu lakelake, nalitcha Dermochelys. Komabe akatswiri ankaiona mwa apo ndi apo, ikagwidwa ndi asodzi kapena ikatayidwa ndi mafunde. Magombe aakulu kumene imaikira mazira adayamba kuwadziwa bwino m'zaka za m'ma 1950 ndi pambuyo pake.

Thupi la nkhasi yachikopa lidapangidwira ulendo. Pansi pa khungu lake lakuda la mawanga oyera pali timafupa tating'ono tambirimbiri tolumikizana, ndi pansi pa ito pali mafuta ochindikala. Pamsana pali mizere 7 yotumphuka, yonga mizere ya m'munda, yoyambira kukhosi kufikira kumbuyo. Miyendo yakutsogolo ndi yaitali ndi yaphanthi ngati nkhafi, yopanda zikhadabo, ndipo mutu wake sungabisike m'kati monga achitira kamba. Popeza msanawo ndi wofewa, umalola kukanikizika ndi madzi osasweka, kotero kuti nkhasiyi imamira kupitirira mamita 1,200. Kuya kumeneku kumamveka bwino pokumbukira kuti malo akuya koposa m'Nyanja ya Malawi ali pafupifupi mamita 700.

Abuluzi, ng'ona ndi akamba amafunda pothera dzuwa, ndipo kukazizira amafooka. Nkhasi yachikopa isiyana nawo. Chifukwa cha ukulu wake, mafuta ake, ndi kusambira kosalekeza, imasunga kutentha m'thupi mwake. Ndiponso mitsempha ya m'miyendo yake idagundana mwakuti magazi ofunda otuluka m'thupi amatenthetsa magazi ozizira obwerera. Mwa ichi thupi lake lingathe kufunda ndi madigiri 18 kuposa madzi oizinga, ndipo imafika kumadzi ozizira a ku Canada ndi ku Norway, kumene nkhasi zina sizikhalitsako.

Chimene imatsata kumeneko ndi chakudya. M'nyanja ya mchere muli zamoyo zoterera, zoonekera m'kati, zonga bowa woyandama, zimene Angerezi amazitcha jellyfish. Izi ndizo nsima ya nkhasi yachikopa. Mano ilibe, koma m'kamwa ndi kummero kwake muli minga yofewa yambiri yoloza m'kati, kuti chakudya choterera chikalowa chisabwerere. Popeza zamoyozo ndi madzi okhaokha pafupifupi thupi lonse, nkhasi iyenera kudya zochuluka zedi. Akatswiri a ku Canada adapeza kuti pa tsiku limodzi ingadye zolemera kuposa theka la thupi lake. Pozifunafuna imadutsa nyanja zathunthu. Ina imene adaimangirira kachipangizo kotumiza uthenga ku setilaiti idachoka ku Papua, m'dziko la Indonesia, niwoloka nyanja ya Pacific kufika kufupi ndi Oregon, ku America, ndipo m'masiku 647 idayenda makilomita oposa 20,000.

Komatu nyama iyi, imene nyanja zonse ndi kwawo, singabereke popanda mchenga wouma. Yaimuna ikalowa m'madzi pa tsiku lake loyamba sibwereranso kumtunda moyo wake wonse. Yaikazi imatuluka usiku, nikwawa movutikira kufikira pamene mafunde safika, ndi kusiya m'mbuyo mkwamba wonga wa thirakitala. Pomwepo imamwaza mchenga ndi miyendo yakutsogolo, nikumba ndi miyendo yakumbuyo dzenje lakuya ngati mkono wa munthu wamkulu. M'dzenjemo imaikira mazira 80 kufikira 100, oyera, obulungira, a chigoba chofewa, oposa pang'ono a nkhuku, ndipo pamwamba pake imaonjeza timazira tating'ono topanda chikasu. Pa ntchito yonseyi m'maso mwake mumatuluka misozi. Anthu ambiri amati ikulira, koma umo ndi m'mene thupi lake limatayira mchere umene idamwera m'madzi. Ikakwirira dzenjelo imabwerera kunyanja. Pakapita masiku ngati 10 imadzanso, ndipo imatero kasanu kapena kasanu ndi kawiri pa nyengo imodzi; kenaka imachoka zaka 2 kapena 3. Ana ake siwaona.

Mazira amakhala mumchenga masiku 60 kufikira 70, ndipo mchenga womwewo ndiwo umagamula ngati tiana tidzakhala tatimuna kapena tatikazi. Ukatentha kupitirira madigiri 29 timachuluka ndi tatikazi. Ukazizira kuposa apo timachuluka ndi tatimuna. Tikaswa timathandizana kukumba kwa masiku angapo, nitituluka usiku pamodzi, ndi kuthamangira kumene kukuwala, pakuti pa gombe la mdima mbali ya kunyanja ndiyo imawala. Ndi chifukwa chake nyali za m'nyumba ndi za magalimoto zimatisokeretsa. Kamwana kamodzi kamakwana m'dzanja, ndipo kulemera kwake sikufika magalamu 50. Nkhanu, ankhandwe, agalu ndi mbalame zimatidikira pamchenga, nsomba zimatidikira m'madzi, ndipo akatswiri amayerekeza kuti mwa tiana 1,000 kamodzi kokha ndiko kamafika pokhwima. Kameneka kayenera kukula zaka zoposa 10, ena amati 20 ndi kupitirira, kasanabwerere ku dera limene kadabadwira kukaikira mazira ake oyamba.

Apa ndipo pagona nkhani. Mlimi akadya mbewu yake, njala imamupeza chaka chamawa, ndipo iye amadziwa chimene walakwa. Koma anthu akafukula mazira onse a nkhasi, palibe chimene chimaoneka. Zazikulu zija zimadzabe chaka ndi chaka monga kale, ndipo aliyense amati nkhasi sizingathe. Kusowa kumadzaoneka patapita zaka 20 kapena 30, pamene zokalamba zafa ndipo palibe zozilowa m'malo. Chimodzimodzi anthu akayamba kusunga mazira, phindu lake silioneka msanga. Magombe awiri, lina ku Asia ndi lina kuno kumwera kwa Africa, asonyeza bwino mbali ziwiri za chinthu chimenechi.

Gombe loyamba ndi la Rantau Abang, m'chigawo cha Terengganu, ku Malaya, dziko limene tsopano ndi gawo la Malaysia. M'chaka cha 1956 pa gombeli adawerenga zisa za nkhasi zachikopa pafupifupi 10,000, ndipo lidali limodzi mwa magombe otchuka koposa pa dziko lonse. Anthu a kumeneko sankaidya nyama yake, koma mazira ake adali malonda abwino pamsika. Boma la chigawocho linkagulitsa zilolezo zotolera mazira, munthu aliyense ndi chigawo chake cha mchenga, ndipo wogula chilolezo ankafuna kubweza ndalama zake. Motero pafupifupi dzira lililonse linkafukulidwa usiku womwewo. Anthu ena adaona ngozi, ndipo m'chaka cha 1961 adamanga mpanda woswetseramo mazira, koma mazira opita mumpandamo adali ochepa poyerekeza ndi opita kumsika. Pambuyo pake kudadziwikanso kuti mchenga wa m'mipanda yotere unali kutentha kwambiri, kotero kuti tiana tochuluka tinali tatikazi. Alendo nawonso ankadzaza gombelo usiku ndi nyali ndi phokoso, ena mpaka kukwera pamsana pa nkhasi, ndipo kunyanja makoka ndi maukonde aatali a ngalawa zazikulu anali kumiza zazikuluzikulu.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Kwa zaka zambiri nkhasi zinali kudzabe, ngakhale zinali kucheperachepera. Lamulo loletsa kugulitsa ndi kudya mazira a nkhasi yachikopa ku Terengganu lidadza m'chaka cha 1989, koma pamenepo nkuti zaka zoposa 30 za tiana zitadyedwa kale. Pofika 1995 zisa za chaka chonse sizidafike 100, ndipo chitadutsa chaka cha 2000 padayamba kupita zaka zathunthu popanda nkhasi yachikopa ngakhale imodzi yokwera pa gombelo. Mchenga ulipo, lamulo lilipo, koma madzi akatayika saoleka.

Gombe lachiwiri lili kumpoto kwa Natal, ku South Africa, kuyambira kumalire a Mozambique pafupi ndi Kosi Bay kutsika kumwera. Kale derali linkatchedwa Tongaland, ndipo tsopano limatchedwa Maputaland. Kumeneko nkhasi zimakwera kumtunda kuyambira Okutobala kufikira Febuluwale, m'nyengo ya dzinja. Zimadza mitundu iwiri: yachikopa, ndi ina ya chigoba cholimba ndi mutu waukulu, yotchedwa loggerhead. Chiwerengero cha kumeneko sichidafanepo ndi cha ku Malaya, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1960 chidali chitatsika kwambiri, pakuti anthu anali kupha nkhasi pamchenga ndi kufukula mazira. Zachikopa zokwera pa nyengo imodzi zidali zowerengeka chabe.

M'chaka cha 1963 bungwe loyang'anira nyama zakuthengo la Natal Parks Board lidatumiza anthu ake kukamanga msasa pa Bhanga Nek. Ntchito yawo idali yosavuta kuifotokoza koma yolemetsa kuichita: kuyenda pamchenga usiku ndi usiku nyengo yonse, kuletsa kupha ndi kufukula, kuyesa msana wa nkhasi iliyonse, kuiveka kachitsulo ka nambala pamwendo, ndi kulemba zonse m'buku. Mmodzi mwa achinyamata amene adalowa ntchitoyi m'zaka zoyambirira ndiye George Hughes, amene adaigwira zaka zambiri, ndipo pambuyo pake adakhala mkulu wa bungwe lomwelo. M'kupita kwa nthawi anthu a m'midzi ya komweko adalembedwa ntchito ya ulonda ndi yowerenga nkhasi, ena nayamba kuperekeza alendo odzaziona, kotero kuti nkhasi yamoyo idasanduka yaphindu kuposa yakufa. Mazira sadawasunthire kumsika. Ambiri adawasiya pamene make adawakwirira. Madzi a m'mbali mwa gombelo adatetezedwa ndi malamulo a m'zaka za 1979 ndi 1986. M'chaka cha 1999 dera lonselo lidalembedwa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika a dziko lapansi, ndipo kuyambira 2007 limatchedwa iSimangaliso. Kutsidya kwa malire, boma la Mozambique lidateteza gombe la Ponta do Ouro m'chaka cha 2009.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Pofuna kudziwa zaka zimene nkhasi imatha isanakhwime, Hughes ndi anzake adayamba m'zaka za m'ma 1970 kudula kachizindikiro m'mphepete mwa chigoba cha tiana ta loggerhead, chaka chilichonse ndi malo akeake, ndipo adatero pa tiana toposa 300,000. Kenaka adadikira. Pamene zazikulu za zizindikirozo zidayamba kukwera pa gombe lomwelo, padapezeka kuti zambiri zinali ndi zaka ngati 36. Munthu amene adadula chizindikiro ali mnyamata adachionanso ali ndi imvi.

Zotsatira za ntchitoyi zili paziwiri. Nkhasi za loggerhead zidachuluka kangapo konse. Zachikopa nazo zidachuluka m'zaka zoyamba, koma pambuyo pake chiwerengero chidaima, ndipo zazikazi zokwera pa nyengo imodzi kawirikawiri siziposa 100. M'chaka cha 2013 bungwe la IUCN, limene limalemba za zamoyo zimene zili pangozi, lidaika nkhasi zachikopa za kumwera chakumadzulo kwa nyanja ya India m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutha. Sizidathe monga za ku Rantau Abang, koma sizidachulukenso monga za ku Gabon, kumadzulo kwa Africa, kumene kafukufuku wa mu 2009 adayerekeza kuti zazikazi zidalipo pakati pa 15,000 ndi 41,000.

Chifukwa chachikulu chimene akatswiri amachitchula ndi chakuti mlonda angalondere mchenga, koma sangalondere nyanja. M'chaka cha 1996 nkhasi ina ya ku Tongaland idatsatidwa ndi setilaiti. Idalowa m'madzi othamanga otchedwa Agulhas, amene amayenda ngati mtsinje m'kati mwa nyanja kulowera kumwera, ndipo m'miyezi inayi idayenda makilomita pafupifupi 7,000. Zina zotsatidwa pambuyo pake zidazungulira ku Cape ndi kulowa m'nyanja ya Atlantic. M'njira zonsezi muli ngalawa zotchera zingwe za makilomita ambiri zokhala ndi mbedza zikwizikwi, ndipo nkhasi ikakodwa m'chingwe nilephera kukwera kukapuma, imamira.

Palinso mdani wina amene makolo a nkhasi sadamdziwe. Jumbo ya pulasitiki ikamayandama m'madzi imafanana kwambiri ndi jellyfish, ndipo minga ya kummero ija, imene idapangidwira kuti chakudya chisabwerere, imaletsanso jumboyo kutuluka. M'chaka cha 2009 akatswiri adasonkhanitsa zolembedwa za nkhasi zachikopa 408 zimene zidang'ambidwa zitafa kuyambira 1885 kufikira 2007. Pulasitiki woyamba adapezeka m'mimba mwa nkhasi m'chaka cha 1968, ndipo mwa zonsezo imodzi mwa zitatu zilizonse idali naye.

Maiko a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe alibe gombe la nyanja ya mchere, ndipo omvera ambiri sadzaiona nkhasi yachikopa ndi maso. Koma madzi awo amakumana nayo. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2016 adasonyeza kuti pafupifupi theka la nkhasi za ku Maputaland zimene adazitsata sizidapite ku Cape. Zidakwera kumpoto, nizikhala chaka chonse m'madzi osaya a ku Sofala, ku Mozambique, kumene Zambezi amathira m'nyanja. Madzi a Kafue, a Luangwa, a Manyame ndi a Shire onse amathera kumeneko, ndipo mtsinje sunyamula madzi okha. Kumenekonso ndi kumene ngalawa zimakoka makoka pansi pa nyanja, pa malo omwewo pamene nkhasi zikudya.

Magombe awiriwa adayamba kusamala nkhasi pafupifupi nthawi imodzi, lina mu 1961 ndi lina mu 1963. Ku Rantau Abang adasunga mazira ochepa nagulitsa ambiri kwa zaka zina 28, ndipo lero mchenga uli chete. Ku Bhanga Nek adaletsa kufukula mazira kuyambira pachiyambi, ndipo ngakhale nkhasi zachikopa zili zochepa, zimakwerabe. Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukafika, alonda amayambanso kuyenda pamchengapo ndi buku lawo, monga akhala akuchitira kwa zaka zoposa 60. Tiana timene tidzaswa m'nyengo ikudzayi tikadzapulumuka nkhanu, mbedza ndi pulasitiki, amene adzatiwerenga pobwerera kwake ndi ana amene lero ali m'sukulu.